Khoka la a Chisale Ndinalitentha Ndine

Khalani pansi, abale anga. Mwera watitsekera kumtunda lero, palibe bwato limene lilowe m'madzi, ndiye nthawi tili nayo. Iwe Sadiki, sendera kuno kutsogolo. Chifuwa chakocho ndachimva kuyambira m'mamawa, ndipo ndiwe unandifunsa dzana kuti fodya ndinasiya bwanji. Ndiyankha pamaso pa onse, chifukwa ndikuona ena mwabisa chingambwe kumbuyo ngati ine sindikumva fungo. Mphuno ya munthu amene anasiya fodya simungainamize.

Kwa inu amene mwabwera chaka chino kudzakoka khoka kuno ku Chia, dzina langa ndine Jafali. Kwathu ndi ku boma, ku Nkhotakota. Kuno ndine mkamwini, ndinakwatira Nambewe, mwana wa mlongo wawo wa a Chisale, eni khoka limene mukudyerali. Ndipo musanamve kwa anthu ena kuseri, mvani kwa mwini wake: khoka loyamba la a Chisale ndinalitentha ndine.

Fodya ndinamuyambira pa doko, ndikusenza matumba a mpunga opita ku sitima ya azungu. Kapitawo akataya kotsala ka ndudu, ife tinkalimbirana pamchenga ngati nkhuku. Posakhalitsa zotola zinandichepera, ndinayamba chingambwe chokulunga m'makoko a chimanga. Kudzuka, fodya. Kumaliza kudya, fodya. Kukwiya, fodya, kusangalala, fodya yemweyo. Mwezi wa Ramazani chakudya ndi madzi ndinkasala bwinobwino, koma dzuwa likafika pamutu ndinkazembera m'bango kukakoka kawiri katatu, kenaka n'kutafuna masamba a ndimu kuti ashehe asamve. Manyazi ake ndikuwamvabe lero ndikunena pano.

Nditabwera kuno ku chikamwini zinangoipiraipira. Anthu akumtunda akatsika ndi mipukutu ya fodya kudzasinthanitsa ndi nsomba, gawo langa la chambo linkathera kwa iwo, kunyumba n'kukafika ndi tiwiri tokha. Pokoka chingwe cha khoka mpweya unkandithera pakati, ndinkanamizira kuti munga wandibaya kuphazi. Nambewe analankhula mpaka kutopa. Ine yankho langa linali limodzi: "Fodya ndi wanga, chifuwa ndi changa, ndalakwira yani?"

Ndalakwira yani. Mvani tsono amene ndinawalakwira.

Chinali chilimwe, mchenga ukuotcha kumapazi. Khoka mukulidziwa mmene limakhalira: luzi la bwazi, lopotedwa pa ntchafu mkono ndi mkono. Lijalo analipota amuna a mabanja khumi ndi awiri, ndipo likauma limayaka ngati udzu wa padenga. Tikakoka m'mawa tinkaliyanika pa mitengo, mmodzi n'kutsala kulilonda kuti agalu asaling'ambe pofuna mamba. Ulondawo tinkasinthana. Lamulo la a Chisale linali limodzi lokha: moto usayandikire khoka. Tsiku limenelo wolonda ndinali ine.

Anzanga atapita kukadya, chibaba chinandigwira pakhosi. Pagombe ponse mthunzi unali pansi pa khoka lomwelo. Ndinayang'ana uku ndi uku, kuli zii. Ndinakwawira pansi pake, ndinakulunga fodya wanga, ndinakhwatcha machesi. Ndinali nditangokoka katatu pamene ndinamva a Chisale akutsokomola m'kanjira ka m'bango. Ndudu ija ndinaikankhira ndi phazi mu udzu wouma, ndinathirapo kamchenga pang'ono, n'kuthamanga kukawachingamira ngati mkamwini waulemu. Ndinawalonjera, ndinawalandira nkhafi, tinapita limodzi kukaona bwato limene linkalowa madzi. Nthawi yonseyi mphepo ya Mpoto ikuwomba kumbuyo kwathu.

Anayamba kumva ndi iwo. Anadzutsa mutu n'kufunsa, "Kukununkha chiyani?"

Titacheuka, moto unali utakwera kale mpaka pamwamba pa mitengo. Tinathamanga ndi madzi m'chipanda chokapira bwato, ena anabwera ndi mitsuko, ena kumangothira mchenga ndi manja. Zinali zachabe. Tinapulumutsa zingwe ziwiri zokokera ndi miyala ya pansi, basi. Amayi anatsika kumudzi akulira ngati kwagwa maliro. Ine ndinaima pamenepo, machesi ali m'thumba la kabudula, pakamwa pakununkha.

A Chisale sanakuwe. Anandiyang'ana n'kunena motsitsa, "A Jafali, moto uwu wachokera kuti?"

Bodza linafika pa lilime lokonzeka kale. Ndikanati ndi anthu otentha tchire posaka mbewa, ndipo ena akanakhulupirira. Koma Nambewe anali ataima kutsogolo kwa amayi aja, mwana wathu Asiyatu ali kumbuyo, maso ake ali pa thumba langa. Anali akudziwa.

"Ndine, apongozi," ndinatero. "Ndimasuta pansi pake."

Tsiku lomwelo abale a Nambewe anasonkhana. Alamu anga a Yohane ndi amene anakwiya kuposa onse. "Mkamwini wotere ngwa ntchito yanji? Watipha ndi njala! Anyamule mkeka wake abwerere kwawo ku boma!" Palibe amene anawatsutsa, ndipo ine ndinalibe pogwira. Mukudziwa mmene zimakhalira kuno: mkamwini akachotsedwa amapita yekha, mkazi ndi mwana amatsala. M'mawa mwake a Chisale anafika pakhomo panga ndi mtolo wa luzi, n'kuuponya pansi.

"Potani," anatero. "Tonse tipota, koma inu mupota kuposa aliyense. Tsiku limene khoka latsopano lidzalowe m'madzi, ndi pamene tidzaone ngati muli wa pano."

Atachoka, Nambewe anasiya chinangwa chimene ankasenda n'kubwera kudzaima patsogolo panga. "Bambo a Asiyatu, alongo anga ndawagwira miyendo ndine kuti mutsale. Koma ndikadzamvanso fungo limenelo pakamwa panu, sadzavutika ndi a Yohane ayi. Mkekawo ndidzautulutsa ndekha." Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga mpukutu wanga wa fodya ndi machesi, ndinapita kukaziponya m'madzi ndi dzanja langa.

Musanamizidwe kuti kusiya fodya ndi tsiku loponya mpukutu m'madzilo. Limenelo ndi lophweka, manyazi amakhala akadali otentha. Mavuto amayamba tsiku lachitatu. Manja ankanjenjemera, mutu unkalemera, thukuta lili noninoni ngati ndadwala malungo. Dzanja linkapita lokha m'thumba kukafuna chinthu chimene kulibe. Mkwiyo ndiye musanene. Asiyatu atangotaya madzi a m'chikho ndinamukalipira mpaka kamwana kanathawira kwa anansi. Chifuwa m'malo mochepa chinakula, ndinkalavula zakuda, ndinkati ndikufa. Iwe Sadiki, zikadzakuchitikira usadzaope, ndi dothi lakale likutuluka.

Chinandithandiza choyamba ndi chilango chomwecho. Luzi lija. Chibaba chikafika ndinkakhala pansi, kupaka phulusa pa ntchafu, n'kuyamba kupota. Ndipo ndinaona chinthu chimene palibe anandiuzapo: chibaba sichikhalitsa. Chimabwera ngati chikufuna kukupha, koma ukapota mikono iwiri ya chingwe umapeza chapita. Chimabweranso, inde, mwina kakhumi pa tsiku. Koma nthawi iliyonse ndi mikono iwiri yokha. Ine sindinkadziuza kuti sindidzasutanso moyo wanga wonse, mawu amenewo ankandiopsa. Ndinkangoti, "Jafali, maliza mikono iwiri iyi kaye." Ntchafu iyi inasupuka mpaka ubweya sunamerenso, ndingakuonetseni.

Pakamwa napo pamafuna kanthu. Ine ndinkayenda ndi mswachi wa kamtengo, kuutafuna tsiku lonse mpaka Nambewe ankandiseka kuti ndasanduka mbuzi. Nthawi yoipa kwambiri inali ndikangomaliza kudya, ndiye ndinkasamba m'manja n'kuimirira pomwepo, osakhala pa mphasa kudikira chibaba. Chikandipanikiza kwenikweni ndinkalowa m'madzi mpaka m'khosi, kumiza mutu, kutuluka ndikupuma wefuwefu. Pocheza ndi anzanga ndinkakhala kumene mphepo ikuchokera, utsi uzipita kwina. Ndipo m'chiuno ndinamanga kachingwe, m'mawa uliwonse n'kuwonjezapo mfundo imodzi. Mfundo zikachuluka umayamba kuzimvera chisoni, sufuna kuzitaya chifukwa cha kukoka kamodzi.

Chaka chimenecho chinali chowawa. Mudzi wonse unadya kondowole ndi chigwada uku chambo chikudumpha m'madzi pamaso pathu. Mbedza ndi miono sizidyetsa mabanja khumi ndi awiri. Ndikamadutsa, amayi ankaleka kulankhula. Koma ndinapota mvula yonse, mpunga unabzalidwa, unacha, unakololedwa, ine ndikupota. Tsiku lina ndikudutsa m'dambo ndinamva fungo la mpunga ukuchita maluwa. Zaka zonsezo ndinali nditaiwala kuti mpunga umanunkhira uli m'munda. Ndinaima pamenepo misozi ikulengeza, munthu wamkulu.

Khoka linatha kulukidwa. Tsono apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu, chifukwa pamene ndinkati ndapambana ndi pamene ndinatsala pang'ono kugwa.

A Chisale ali ndi mwambo wawo, ena a inu munauona. Khoka latsopano lisanalowe m'madzi, amuna amakhala mozungulira, iwo n'kudzaza kaliwo wawo, kukoka kamodzi, kenaka kumupereka kwa mmodzimmodzi. Amene wapatsidwa kaliwo n'kukoka, ameneyo ndi wa khokalo. Amene wadumphidwa amadziwa yekha kuti malo alibe. Sipakhala mawu ena. Miyezi yonse ija ndinkaopa chinthu chimodzi, kuti adzandidumpha. Kupusa kwanga, sindinaganizepo kuti nanga akadzandipatsa ndidzatani.

Linali m'mawa, dzuwa litangokwera pang'ono. Tinakhala pamchenga, amayi ataima chapatali, Nambewe ali pakati pawo. A Chisale anayatsa, anakoka, anatulutsa utsi. Kenaka anaimirira, anadutsa a Yohane, anadutsa akuluakulu onse, n'kudzaima patsogolo panga. Anandipatsa kaliwo ndi manja awiri. Ine woyamba.

Abale anga, chimenecho chinali chikhululuko. Munthu wamkulu amene ndinamutenthera khoka akundikhululukira pamaso pa mudzi wonse. Kukana kaliwo wake ndi kumulavulira kumaso. Ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri. Anali wofunda. Utsi unkakwera molunjika m'mphuno mwanga, malovu anadzaza m'kamwa, thupi lonse likuti koka, ndi kamodzi kokha, ndi mwambo, ngakhale Nambewe amvetsa. Koma ine ndimadzidziwa. Kwa ine kulibe kamodzi. Ndikanakoka pamenepo, dzuwa lisanapendeke ndikanakhala ndili m'bango ndi mpukutu wonse.

Ndinakhala chogwada, kaliwo ali m'manja. Wina anati, "Kokani, a Jafali, azima."

"Apongozi," ndinatero, "kaliwo wanu ndalandira, ndipo ndathokoza ndi mtima wonse. Koma moto uwu ndi umene unadya khoka lanu. Ndinalumbira kuti sudzafikanso pakamwa panga. Ndiloleni ndipatsire mnzanga osakoka."

Pomwepo a Yohane anaphulika. "Mwaona? Mwaona kunyada kwa anthu a ku boma? Watentha khoka, lero akunyoza kaliwo wa malume!"

Ndinkayembekeza kuti a Chisale amwetulira n'kunena kuti amangondiyesa. Sizinatero. Nkhope yawo inada. Anandilanda kaliwo ndi dzanja limodzi, n'kunena, "Ndakupatsani pamaso pa anthu, mwandikana pamaso pa anthu." Anapereka kwa wotsatira. Khoka linalowa m'madzi, limene ndinalipotera mpaka kusupuka ntchafu, ine nditatsala pamtunda ndekha. Sanandithamangitse m'mudzi, koma pa khoka panalibe malo anga.

Masabata otsatirawo ndi amene anali oipa kuposa masiku a kunjenjemera aja. Anzanga akubwera ndi madengu a chambo, ine ndi kambedza kanga m'mbali mwa bango. Nambewe anangonena kamodzi kuti, "Munachita bwino," koma mawu sadyeka, ndipo ndinkaona mmene ankagawira kansomba kamodzi patatu. M'mutu munayamba kulankhula mawu: wasiyiranji tsono? Ukanasuta ukanakhala pa khoka. Wasiya, wataya zonse. Mverani bwino, chifukwa mawu amenewa adzakufikirani nanunso. Amadikira tsiku limene kusiya kwako sikukuoneka phindu.

Tsiku lina masana kunatsika mnzanga wakale wa kumtunda, uja ndinkasinthana naye nsomba. Atandiona mmene ndinaondera anandimvera chisoni, n'kundithyolera chidutswa cha fodya chaulere. Ndinalandira. Sindikubisirani, ndinalandira. Ndinapita nacho m'bango, ndinapeza makoko, ndinakulunga bwinobwino, zala zikukumbukira zokha. Ndinachiika pakamwa. Ndinapisa dzanja m'thumba.

Munalibe machesi.

Musaganize kuti chinandipulumutsa ndi kulimba mtima. Mtima unali utagonja kale. Chinandipulumutsa n'chakuti kuyambira tsiku lija sindinayendenso ndi moto m'thumba. Kuti ndiyatse ndinayenera kuyenda mpaka kumudzi, ndipo moto wapafupi unali pa mafuwa a Nambewe. Ndinanyamuka ndithu, ndikukonza bodza loti ndikufuna khala lootchera nsomba. Koma kuchokera m'bango kukafika kunyumba kwanga ndi kotalikirapo kuposa mikono iwiri ya chingwe. Pofika pa mtengo wa mango wa m'njira ya kumudzi, chibaba chinali chitapita. Ndinatsala ndi ndudu yosayatsa m'dzanja limodzi, dzanja lina litagwira mfundo za m'chiuno. Ndinaifikisa ndi phazi m'dothi, n'kukamuuza Nambewe zonse. Anakwiya, analira, koma anandinunkhiza pakamwa ndipo mkeka sunatuluke.

Choncho ngati mungaiwale zonse zimene ndanena, sungani ichi: pakati pa inu ndi moto pakhale ulendo. Ndipo mukaterereka, kauzeni munthu tsiku lomwelo, musasunge.

Patapita masiku angapo kunamveka phokoso kugombe. A Chisale anali atapeza kotsala ka ndudu pamchenga, pansi penipeni pa khoka latsopano. Kanali kozima, mwamwayi. Anafunsa amuna onse, palibe anavomera. Ine ndinali pakhomo panga ndikukonza mono pamene ndinawaona akubwera, ndodo ili m'manja, nkhope ili gwaa. Ndinadziwa kuti khoka likanunkha utsi dzina loyamba kutchulidwa ndi langa. Nambewe anatuluka m'nyumba n'kuima pakhomo atagwira Asiyatu.

"A Jafali, imirirani," anatero a Chisale. "Bwerani kuno. Tembenuzani matumba."

Ndinatembenuza. Munagwa mswachi wotafunidwa ndi kaluzi.

A Chisale anayang'ana zimene zinagwazo. Kenaka anati, "Amuna onse aja ndawatembenuzitsa matumba. Aliyense ali ndi moto, ndi Yohane yemwe. Ine ndemwe ndili nawo. M'mudzi muno mwamuna wopanda moto m'thumba ndinu nokha." Anatsokomola, n'kuyang'ana kumbali. "Kuyambira mawa khoka muzilonda ndinu. Osati mosinthana. Masiku onse. Gawo lanu la nsomba muzilandira ngati aliyense."

"Nanga kaliwo, apongozi?"

"Muzilandira ndi manja awiri n'kupatsira mnzanu. Tsono musandilankhulitse zambiri."

Sanapepese, ndipo ine sindinayembekeze kuti apepese. Anatembenuka n'kumapita. Ine ndinakhala pansi pomwepo, ndipo Nambewe anaseka kwa nthawi yoyamba chitenthereni khoka.

Mvula yagwa kasanu ndi kawiri kuchokera tsiku limenelo. Khoka ili mukuliona pa mitengo kumbuyo kwangali, amene analitentha lakale ndi amene amagona tulo ta masana pansi pake, ndipo a Chisale akapita kumunda sacheuka. Musaganize kuti chibaba chinafa. Pano ndikulankhula, fungo likuchokera m'thumba la Sadiki likundidzaza malovu m'kamwa. Ndimangodziwa kuti ndi mikono iwiri, ndiye ndimadikira.

Tsono iwe Sadiki, wandimva. Akazi ako anandidandaulira kuti usiku wonse sagona ndi chifuwa chakocho, ndipo dzulo ndinakuona ukusiya chingwe pakati n'kunamizira munga. Munga umenewo ndimaudziwa, unkandibaya inenso. Machesiwo usandipatse ine, sindiyenda ndi moto. Kawasiye kwa akazi ako, kumudzi, kutali. Ukabwerako udzandipeza pompano. Luzi ili, phulusa ili. Udzakhale apa, upinde kabudula, tiyambe mikono iwiri yoyamba.